Ba Mapiko ndi Chipewa cha Bo Inutu

Aliyense amene anakhalako ku Dambwa North zaka zapitazi akudziwa kuti malemu Ba Bizwell Njobvu sankatha kuona nthenga n'kuisiya pamene ili. Mawu amenewa amveke bwino, chifukwa ena amawakhotetsa: munthuyo sanali wakuba. Foni mukanaiiwala pakhonde pake, akanakutsatirani nayo wapansi mpaka kutauni. Koma nkhuku yanu ikadutsa pafupi ndi mwendo wake, imeneyo inali nkhani ina.

Ntchito yake inali yomanga mafulai. Kwa amene sadziwa, fulai ndi mbedza yovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi mpaka ioneke ngati kachilombo kapena kansomba, kuti nsomba yaikulu ipusitsike. Luso limeneli analitola ali mnyamata pa loji ina kumtunda kwa Zambezi, kumene analembedwa kuti azithirira maluwa koma iye n'kumakhalira kusuzumira mzungu wina wokalamba akumanga zimenezi. Magaidi a maboti ankabwera kudzagula kwa iye kuti alendo awo akakole ngweshi, nsomba ya mano ngati macheka ija. Mwiniwake m'boti sanakweremo ndi tsiku limodzi lomwe.

"Ine nimanga chabe," ankatero. "Kumila ni kwa bena."

Dzina loti Ba Mapiko linachokera pa lamulo lake limodzi, limene ankalilalikira kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna. Fulai imakhala ndi mapiko awiri. Phiko lina lichokere ku nthenga ya kumanzere, lina ku nthenga ya kumanja, ndipo mbalame yake ikhale imodzi yomweyo. Nthenga ziwirizo zimakhota mosiyana, moti ukazigundanitsa zimagwirana ngati manja a munthu wopemphera. Ukamanga zamanzere zokhazokha, fulai imangozungulira m'madzi ngati chidakwa, nsomba n'kumakuseka.

Choncho Ba Mapiko sankazula nthenga imodzi. Ankazula ziwiri.

"Ba Mapiko!" anakuwa tsiku lina Ba Lweendo, mayi wa nyumba yoyandikana nawo, atanyamula tambala wake kukhwapa. "Tambala wanga mwamuchita chani?"

"Namupasa moni chabe."

"Moni wa bwanji uyo wakuti abwele alila?"

"Muoneni bwino, bamake Cheelo. Nachosa imozi uku, imozi uku. Kudala anali kuyenda mopendeka, manje ayenda monga msilikali. Muniyamike."

Anthu a ku Dambwa ankaseka zimenezi. Amene sankaseka ndi mkazi wa Ba Mapiko, Ba Perpetua, mayi wolemekezeka wa m'Chigwirizano, wochokera ku Katete, amene ankapita kutchalitchi atawerama ngati wataya singano. Ndipo chinali chifukwa chomveka. Banjali linali ndi mwana mmodzi yekha, Purity, mtsikana wofatsa, wogwira ntchito pa famase ina m'tauni, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Ofunsira sankasowa. Chimene chinkasowa ndi wofunsira wobwera kachiwiri.

Woyamba anali Chabota, mphunzitsi wa ku pulaimale. Anabwera ndi amalume ake ochokera kumudzi, mkulu wa ndevu zoyera, atanyamula nkhanga yamoyo ngati mphatso ya ulemu kwa eni khomo. Anthu asanamalize n'kupatsana moni komwe, Ba Mapiko anali atagwada kale pansi. Amalume aja anasangalala, poganiza kuti akugwadiridwa iwo. Ba Mapiko anali kugwadira nkhanga. Anaitambasula phiko ili, n'kuitambasula linalo, n'kuziyang'anitsa padzuwa, kenako psu! psu! Atatero anaimanganso miyendo bwinobwino n'kuibwezera pamiyendo pa amalume aja.

"Zikomo kwambili, ba ankolo. Vamene nenze kufuna natenga. Iyi mungabwelele nayo."

Kubweza mphatso ya ofunsira, mtundu uliwonse umadziwa tanthauzo lake. Amalume anaimirira n'kutuluka, nkhanga kukhwapa, mphwawo kumbuyo. Ba Perpetua anawathamangira mpaka pa siteshoni ya minibasi akupepesa m'zinenero zitatu, koma nkhangayo inakwera minibasi ndipo Chabota sanaonekenso.

"Bashi Purity, mwachita chani?" anafunsa mwamuna wake atabwerera.

"Nawasungila nkhanga yawo. Munthu wina sembe aidya yonse."

Wachiwiri anali Kasonde, wokonza mafiriji. Ameneyu anabwera ndi azakhali ake a ku Kitwe, mayi wonenepa, wonunkhira, atavala wigi yaitali yofika m'mapewa, yakuda koma yokhala ndi timizere tofiira. Nthenga panalibe paliponse. Ba Perpetua anayang'ana alendowo kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kupuma. Anaiwala kuti ngweshi imakonda chofiira, ndipo kuti mapiko a fulai ya ngweshi amamangidwanso ndi tsitsi.

Azakhali aja anapempha kuti ayambe ndi pemphero, ndipo analitsogolera okha. Linali lalitali. Lili pakati, pamene anali kupempherera boma, m'chipindamo munamveka kaphokoso kakang'ono: tche! Panapita kamphindi. Kenako mbali inayo: tche!

Pa "ameni" aliyense anatsegula maso. Ba Mapiko anali pampando wake, manja pamodzi, nkhope ya mngelo. Patebulo, pafupi ndi mbale ya mabisiketi, panagona timitolo tiwiri tofiira, tofanana ngati mapasa.

Azakhali anagwira kumutu. Anagwira mbali inayo. Kukuwa kumene anakuwa, ena amati kunamveka mpaka ku Dambwa Central. Kunena mosamala, kunamveka nyumba zisanu ndi imodzi, chifukwa ndiwo mabanja amene anatuluka.

"Osadandaula, mayo," anatero Ba Mapiko mokoma mtima. "Nadula mbali zonse zibili. Kulibe azaziba."

Madzulo a tsikulo Purity sanadye. Sanakalipe, sanalire pamaso pa anthu. Anangochapa yunifomu yake n'kuiyanika, n'kuichapanso. Ba Perpetua anamuona pawindo, mtima n'kuwawa ngati wapsa ndi mafuta. Mwana wakeyo adzakalambira pakhomo chifukwa cha nthenga?

Patapita zaka ziwiri kunabwera Yeta, Mlozi wamtali, woyendetsa basi yonyamula alendo ku eyapoti. Ameneyu anali atamva zonse ndipo ankangoseka. Anabwera ndi ankhoswe ake ometa mipala, opanda nkhuku, opanda chipewa, ndipo zokambirana zinayenda bwino mpaka Ba Perpetua anayamba kuloweza nyimbo za ukwati. Kenako kunabwera uthenga. Mayi ake a Yeta, Bo Inutu a ku Highlands, anati sangavomereze kanthu asanaone ndi maso awo nyumba imene mwana wawo akukwatirako. Adzafika Lamlungu masana, akaweruka kutchalitchi.

Bo Inutu ankadziwika. Anali nesi wamkulu wopuma pantchito, mayi wamasiye, ndipo mbiri yawo inali yoti ndi onyada: munthu sankamuyang'ana mwachindunji, koma chammbali, mutu atapendeketsa, ngati akuyesa nsalu yotsika mtengo. Yeta mwiniyo ananena poyera kuti mayi ake akati ayi, iye alibe pothawira.

Loweruka lonse Ba Perpetua anali pankhondo. Anasesa nthenga m'nyumba monse, n'kutsekera zipangizo za mwamuna wake m'chipinda chogona. Anapempha Ba Lweendo kuti atsekere nkhuku zawo. Lamlungu m'mawa anamuimika mwamunayo pakati pa balaza n'kumusecha ngati wapolisi wa pa bodala. Anthu amasiyana pa chiwerengero cha masizasi amene anapezeka. Ena amati khumi, koma Ba Perpetua, amene anawatulutsa ndi manja ake, amati asanu ndi awiri, kuphatikizapo kamodzi kamene kanali m'sokosi.

"Bashi Purity, nimvelani. Lelo simukamba. Simuima. Simugwila chinthu. Muzagwila Baibo iyi na manja yonse yabili kufikila bayende."

"Nanga tiyi nizamwa bwanji?"

"Simuzamwa."

"Bamake Purity, monga nine chigawenga."

"Uyu ni wachitatu. Wachinayi kulibe. Mukaononga, ine nibwelela ku Katete, mukazikwatila nkhanga."

Ba Mapiko anayang'ana mwana wake, amene anaima pakhomo la khichini akupotokola nsalu yopukutira mbale. "Nalonjeza," anatero, ndipo ankanenadi zoona.

Itakwana hafu pasiti thu, galimoto ya Yeta inaima pageti. Ba Perpetua anasuzumira pakatani. Bo Inutu anatsika atavala diresi yabuluu, magolovesi oyera, ndi chipewa chachikulu ngati lichero. Pachipewapo panaima nthenga ziwiri zoyera, zazitali ngati mkono wa mwana.

"Yesu wanga," ananong'ona Ba Perpetua. "Purity, sunabauze?"

"Amama, ningauze bwanji apongozi vovala?"

Analonjerana mwaulemu wonse, Purity atagwada, m'manja mukuombedwa mwa Chilozi. Bo Inutu anakhala pampando wabwino uja, n'kuyang'ana makatani chammbali, kabati chammbali, Ba Perpetua chammbali. Ba Mapiko anakhala pakona atakumbatira Baibulo, maso padenga. Mphindi khumi zoyamba anapirira ngati munthu wamkulu. Kenako maso anatsika okha.

Ba Perpetua anaona thukuta likuyamba pamphumi pa mwamuna wake. Anaona zala zikuyenda pachikuto cha Baibulo. Anayamba kulankhula mofulumira za mitengo ya tomato, za kutentha, za maliro a ku Maramba, chilichonse. Koma chimene chinamuopsa kwambiri n'chakuti nkhope ya mwamunayo sinali ya munthu wosirira, monga ankaidziwira. Inali ya munthu amene waona ngozi ya pamsewu.

"Mayo," anatero Ba Mapiko.

"Bashi Purity, Baibo!"

"Mayo, munikhululukile. Chisote ichi anakugulisani ndani?"

Yeta anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Bo Inutu anatembenuza thupi lonse kuti amuone bwino wofunsayo.

"Mwati chani, bo ndate?"

"Nthenga izo. Zonse zibili ni za kumanzele."

Ndipo asanagwidwe ndi aliyense, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mkulu wa banja, anaika Baibulo pampando, n'kudutsa balaza, n'kuvula chipewa pamutu pa mayi amene anali asanakhale n'komwe msewere wake.

"Mawe!" anakuwa Bo Inutu, manja ali kumutu.

Purity anathawira kukhichini. Yeta anaimirira, n'kukhalanso, n'kuimiriranso. Ba Perpetua anangotsetsereka pampando mpaka kugwada pasimenti, n'kuyamba kuomba m'manja mopepesa, osadziwa kuti akupepesa kwa Bo Inutu kapena kwa Mulungu. Pawindo panali kale mitu inayi, wa Ba Lweendo patsogolo.

Ba Mapiko sanamve chilichonse. Anapita kuchitseko cha chipinda chogona, n'kupeza chokhoma, n'kutulutsa kiyi wina m'nsapato. Anabwerako ndi ulusi pakamwa ndi envelopu yachikasu yakale. Anakhala pansi penipeni, chipewa pamaondo. Poti masizasi onse anali atalandidwa, ulusi wakale anaudula ndi mano. Nthenga ziwiri zija anaziika pambali ngati zinthu zodwala.

Kenako anatsegula envelopu. Ba Perpetua anaidziwa. Munali nthenga ziwiri za tsekwe woyera, zimene mwamunayo anazisunga zaka khumi ndi chimodzi, zimene gaidi wina anazipempha mpaka kutopa, zimene iye mwini mkazi wake sankaloledwa kuzipumira mpweya. Anazigundanitsa, zinagwirana. Anazitsina pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuzikhazika pa riboni ya chipewa, n'kuponya ulusi momasuka pamwamba pake, n'kukokera pansi mwakamodzi kuti zisatembenuke. Kawiri, katatu, mfundo. Sizinathe mphindi zisanu.

Apa mpamene Ba Perpetua anasiya kuomba m'manja, kukamwa kuli yasa. Pa zaka makumi atatu ndi zitatu za ukwati anaona nthenga zikuchoka kwa anthu kupita kwa Bizwell. Anali asanaonepo nthenga ikuchoka kwa Bizwell kupita kwa munthu.

"Valani, mayo. Muyende panja, pali kamphepo."

Mwina chifukwa cha kudabwa, Bo Inutu anamvera. Anavala, n'kutuluka, anthu onse pambuyo. Anayenda kuchoka pakhonde kufika pageti. Mphepo ya mu Ogasiti inali kuulutsa mapepala mumsewu. Chipewa chinangokhala phee. Anabwerera. Anapitanso, ulendo uno mofulumira. Atafika pageti kachiwiri anaima, ndipo pang'onopang'ono, ngati chitseko cha dzimbiri, khosi lawo linawongoka. Anayang'ana Ba Perpetua mwachindunji, maso ndi maso.

"Zaka zinayi," anatero. "Zaka zinayi chisote ichi chinizungulila pamutu. Mphepo ikabwela, chiyenda uku. Nenze kupendeka mutu kuti chisagwe mu chechi, mpaka khosi inazolowela. Napaka mankhwala. Nagula pilo ya odula. Ine nesi, nenze kuganiza ni ukalamba!"

"Ni kumanzele chabe, mayo," anatero Ba Mapiko modzichepetsa.

"Chechi yonse inaniona. Kulibe olo umozi ananiuza. Bati chabe Inutu ni wozimvela." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Yeta! Uimilila chani monga mtengo? Itana mkazi wako achoke mu khichini. Na ukwati muufulumize. Nili na visote vina vitatu ku nyumba."

Ba Perpetua anakhala pansi pa sitepe ya khonde n'kulira mokweza, moti Ba Lweendo, amene sanamve bwino mawu a Bo Inutu, anathamanga kukauza anthu kuti zalephereka kachitatu. Anachita kubwereranso nyumba ndi nyumba kukakonza uthengawo.

Ukwati unachitika mu Disembala. Ba Mapiko anaperekeza mwana wake kuguwa atasechedwa kawiri, pakhomo la nyumba ndi pakhomo la tchalitchi, ndipo palibe chimene chinadulidwa, kupatula kuti keke itafika anafunsa mokweza ngati nkhunda ziwiri za shuga pamwamba pake zinali za mbalame imodzi. Kuyambira pamenepo amayi a ku Highlands anayamba kutsika minibasi ku Dambwa North atanyamula zipewa m'mapulasitiki. Ba Mapiko ankawakalipira onse mofanana, mkazi wa loya ndi wogulitsa tinsomba ta kapenta, ndipo ankabwerabe.

Ba Mapiko anamwalira chaka chatha mu Juni, m'mawa dzuwa litangofunda, ali patebulo pake pakhonde. Ba Perpetua anabwera ndi tiyi n'kumupeza atatsamira khoma ngati akuganiza. M'kachitsulo kopanira mbedza munali fulai yomangidwa phiko limodzi. Linzake linali pakati pa zala zake, atalitsina bwinobwino.

Pamaliro panadzaza. Magaidi anabwera ndi mayunifomu awo, ndipo mmodzi anadzipereka kuti amalize fulai ija. Ba Perpetua anakana. Anaika kanthengako m'buku la nyimbo, tebulo n'kulifunditsa chitenje.

Miyezi inapita. Purity ndi Yeta ankabwera Lamlungu ndi mwana wawo. Koma masana a pakati pa sabata khonde lija linkakhala lalikulu kwambiri, ndipo anthu odutsa mumsewu ankachepetsa liwiro pageti mwachizolowezi, n'kukumbuka, n'kupitirira.

Tsiku lina Lachitatu kunatsika Bo Inutu, okha, opanda uthenga. Anakhala pakhonde, n'kumwa tiyi, n'kuyang'ana chitenje chija nthawi yaitali.

"Basebele," anatero, "sitingaisiye so."

Anavundukula tebulo. Amayi awiriwo anavala magalasi awo owerengera. Bo Inutu anati iwo anasokapo mabala a anthu zaka makumi atatu, kanthenga sikangawavute. Ba Perpetua anati iye anaonerera ntchitoyi moyo wake wonse. Wina anatsina, wina anazunguliza ulusi. Kanthenga kanagwa pansi kanayi. Ulusi unaduka. Anakangana za amene akunjenjemera. Dzuwa litapendeka anamanga mfundo n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ntchito yawo.

Phiko loyamba linaima mowongoka. Lachiwiri linaloza ku eyapoti.

Anakhala chete, manja pamiyendo, mapewa atakweza pang'ono ngati ana asukulu amene akudziwa kuti alakwa samu. Anadikira. Kumsewu kondakitala ankaitanira anthu a kutauni. Kuseri kwa mpanda wina ankatsuka mapoto. Palibe anatsokomola kumbuyo kwawo, palibe anati "Mayo, munikhululukile."

"Yapendeka," anatero Bo Inutu potsiriza, chapansipansi. "Timasule?"

Ba Perpetua anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje kwa nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

"Isiyeni so, basebele," anatero. "Ngati kuli chinthu chingamuushe uja munthu kuti abwele akambe, ni ichi."